Mwana wanzeru nayenso amafuna phungu

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pakhonde panga sipasowa alendo. Kholo limabwera pepala lili m'manja, mwana ali pambuyo wazyolika, ndipo funso limakhala lomwelomwelo: "Aphunzitsi, ndi mapointi awa angalowe kuti?" Ndaphunzitsa ku sekondale kuno ku Chigwa cha Shire zaka zoposa 20, ndipo ndatopa kuuza anthu kuti funsoli lachedwa ndi zaka ziwiri. Nthawi yake inali pamene mwana amalowa Folomu 3, posankha maphunziro oti atenge ndi oti asiye. Njira zimapatukana pamenepo.

Mawu amene amandiwawa kwambiri ndi akuti, "Mwanayu ndi wanzeru, adzionera yekha." Adzionera bwanji? Mwana wa ku Makhanga kapena kwa Chapananga, amene kwawo palibe anapondapo ku koleji, adziwa kuti kuti ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS sayang'ana mapointi okha, amafunanso kuti ukhale utakhoza bwino Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu? Makolo athu ankaidziwa nkhaniyi. Kuchinamwali namkungwi ankalangiza gulu lonse, komabe namwali aliyense ankapatsidwa phungu wakewake woyenda naye. Ife tasiya ana m'kalasi la anthu ambirimbiri, mphunzitsi mmodzi kutsogolo, basi tikuti zatha.

Pali mtsikana wina wa kutsidya kwa Shire amene sachoka m'mutu mwanga. Kuyambira Folomu 1 ankanena za unamwino. Atafika Folomu 3 anzake anamuuza kuti maphunziro a sayansi amaononga mapointi, iye n'kuwasiya osauza mphunzitsi aliyense. Ine ndinali mphunzitsi woyang'anira kalasi lake, ndipo sindinamufunse. Kenako kunabwera madzi osefukira a mu Januwale 2015. Makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ife aphunzitsi tinatanganidwa ndi kulemba mayina ndi kuthandiza kugawa ufa. Pomwe ndimadzazindikira kuti mwanayu sakulowa m'kalasi la sayansi, chaka chinali chitapita.

Mayeso anakhoza bwino ndithu, koma sukulu zaunamwino sizinamutenge. Apa ndi pomwe anatulukira munthu wina wa pakamwa potsekemera, wonena za koleji ina ya mu Blantyre yomwe ati siyifuna sayansi ndipo umamaliza msanga. Bambo ake anakagulitsa ng'ombe ziwiri ku Ngabu. Mtsikanayo anabwerako ndi yunifolomu yoyera ndi satifiketi ya chidindo chonyezimira. Atapita kukafunsira ntchito kuchipatala, anamufunsa za kaundula wa bungwe la anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi. Sukulu yakeyo bungweli silinkaidziwa.

Anabwera kwathu masana, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Anakhala pansi pakhonde, natulutsa satifiketi ija m'jumbo, anali ataikulunga bwinobwino kuti isadetsedwe. "Sala, ndiye pepalali nditani nalo?" Ndinangoti kukamwa yasa. Funso limodzi lochokera kwa ine ali Folomu 3 likadapulumutsa ng'ombe za bambo ake. Pambuyo pake anakalowa sukulu ya masana n'kulembanso mayeso a sayansi, koma zaka zinali zitapita, ndalama zitathera kwa akathyali.

Ndiye mverani. Musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, pitani ndi dzina la sukuluyo kwa mphunzitsi amene mumamukhulupirira, muonere limodzi mndandanda. Bungwe loona za maphunziro a m'makoleji la NCHE limatulutsa mayina a makoleji ndi mayunivesite olembetsedwa, komanso maphunziro omwe lavomereza. Onani zonse ziwiri, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi yomwe mukufunayo isanavomerezedwe. Zaumisiri monga kuwotcherera, zamagetsi ndi ukalipentala, funsani ku TEVETA. Zachipatala zili ndi mabungwe akeake, la anamwino lija ndi Medical Council of Malawi. Sukulu ikayamba kuzembazemba mukaifunsa za mapepala amenewa, nyamukani.

Ndipo samalani ndi anthu odzitcha alangizi. Alipo oimba foni kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akupezereni malo ku yunivesite ya boma, kapena ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo. Alipo ogulitsa likasa mayeso akayandikira, amene amangoika mwana pachiswe choti MANEB imufufutire zotsatira zonse. Malo a ku yunivesite ya boma sagulidwa kwa munthu wapafoni. Phungu weniweni safuna ya fanta, ndipo sauza mwana wamkazi kuti abwere kunyumba kwake madzulo. Mukamva zotere, kanenani kwa ahedi tsiku lomwelo, musayambe mwadikira kuti muone.

Ngakhale pantchito nkhani ndi yomweyi. Mnyamata wotuluka kumene ku koleji yazaumisiri amadziwa za m'buku, koma ndi mmisiri wamkulu amene amamva kulira kwa injini ya pampu n'kudziwa chavuta. Ine ndemwe, nditangoyamba ntchito, mayi ena achikulire ankakhala kumbuyo kwa kalasi langa n'kumandiuza pambuyo pake kuti ndikuthamanga, ana a kumbuyo ndawasiya. Zinkandipweteka, koma ndi iwo anandipanga kukhala mphunzitsi.

Makolo a ana amene akulowa Folomu 3, musadikire kuitanidwa ku msonkhano wa PTA. Bwerani sabata yoyamba, mwana ali pambali panu, anene yekha ntchito yomwe akufuna, tione limodzi maphunziro omwe walembetsa. Sabata zoyambirira kusintha n'kosavuta. Teremu yachiwiri ikatha, anzake amakhala atapita patali, ndipo kumubwezera m'kalasi la sayansi kumakhala kovuta zedi.