Fisi sasintha kukhala wamkazi kapena wamwamuna

Ndatopa kumva anthu akunena kuti fisi ali ndi ziwalo zonse ziwiri, kapena kuti chaka chino amakhala wamwamuna, chaka chamawa wamkazi. Si zoona. Fisi wamawanga amabadwa wamkazi kapena wamwamuna, ndipo amakhala choncho mpaka kufa.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti chiwalo chobisika cha wamkazi chimatalika n'kumaoneka ngati cha wamwamuna. Amakodzera pomwepo, amaberekeranso pomwepo, n'chifukwa chake uchembere woyamba umamuvuta kwambiri. Wamkaziyo amakulanso thupi kuposa wamwamuna, ndipo ndiye amalamulira gulu.

Zamoyo zosinthadi zilipo, monga nsomba zina za m'nyanja zamchere, koma fisi ayi. Musanauze ena nkhani zotere, funsani kaye oyang'anira nyama zakutchire kapena werengani mabuku a sayansi ya nyama.