Ndege ikalephereka musachoke pa kauntala chimanjamanja

Foni imene ndimaiopa kwambiri imalira chakumadzulo, makamaka mu Disembala mitambo ikachita bii kumbali ya ku Chongwe. "Amayi, ndege yathu ailepheretsa. Ndatulukamo kale, ndili mu takisi, ndipezereni tikiti ina." Ndagulitsa matikiti a ndege muno mu Lusaka kwa zaka zambiri, koma mpaka lero mawu akuti "ndatulukamo kale" amandiwawa mumtima. Mwatulukiranji? Amene ali ndi ngongole yokufikitsani kwanu mwamusiya pa kauntala ku Kenneth Kaunda International Airport, inu muli pa Great East Road kufuna kulipira kachiwiri ulendo umene munalipira kale.

Ndatopa nako kubwereza, komabe ndibwereza. Kampani ya ndege ikalandira ndalama zanu ndiye kuti yavomera kukufikitsani kumene tikiti yanena. Ikalepheretsa yokha ulendo, iyenera kukuikani pa ndege ina osawonjezera ngakhale ngwee imodzi, apo ayi ikubwezereni ndalama za gawo limene simunayende. Zimenezi zili m'malamulo a makampani eni akewo, aja mumangodina kuti mwavomera musanawawerenge. Chimene sakuuzani n'chakuti ndege ya mawa ili kale ndi anthu ake. Mipando yotsala imakhala yowerengeka ndi zala, ndipo amatenga ndi amene wayamba kufika pa kauntala. Wopita kukakalipira mlonda wa pakhomo kapena wantchito wa Zambia Airports Corporation akungotaya nthawi, chifukwa iwowo amayang'anira bwalo, ndege si zawo. Imani pa mzere wa kampani yanu, ndipo muli pamzerepo imbirani ku ofesi yawo kapena kwa amene anakugulitsani tikiti. Kangapo konse ndamugwirirapo munthu mpando pa kompyuta iye akadali kumchira kwa mzere.

Mukafika kutsogolo musakhutire ndi mawu apakamwa akuti "mubwere mawa". Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Akulembereni nambala ya ndege yatsopanoyo, tsiku ndi ola, kaya pa pepala kaya pa foni, komanso kalata yonena kuti ulendo walephereka ndi chifukwa chake. Funsani za chakudya ndi malo ogona, pakuti vaucha nthawi zambiri imapita kwa amene watsegula pakamwa. Funsaninso kumene kuli chikwama chanu. Boarding pass yakale ija musaitaye, ngakhale kasitika ka katundu kamene amakumatirani kuseri kwake, ndipo lisiti lililonse, la takisi, la hotela, la nsima imene mwadya podikira, likhale m'thumba limodzi.

Ena amadabwa kuti kunja kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, nanga ndege ichedwa bwanji. Ndege imene mukudikirayo ikuchokera ku Addis Ababa, ku Nairobi, ku Johannesburg, ku Doha kapena ku Dubai, ndipo vuto la kumeneko limafika kuno patapita maola. Mu Epulo 2024 mvula itadzaza madzi pa bwalo la ku Dubai, anthu anagona m'mabwalo a ndege kwa masiku m'mayiko amene sikunagwe ngakhale dontho. Palinso malire a maola amene oyendetsa ndege ndi anzawo amaloledwa kugwira ntchito asanapume. N'chifukwa chake kuchedwa kwa maola atatu kumasanduka kugona: ndege yakonzeka, koma nthawi ya oiyendetsa yatha. Mukamva kachiwiri kuti "tidikire ola lina", yambani kufunsa za njira ina pomwepo, makamaka ngati kutsogolo muli ndi ndege ina yoti mukakwere.

Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya banja lina la ku Katete. Bambo wina anafika mu ofesi yanga m'mawa, maso ali psuu. Mayi awo anali atamwalira usiku, ndipo mlongo wawo, namwino ku Manchester, amafuna kudzaika nawo maliro. Ndinawapezera tikiti imodzi yochokera ku Manchester mpaka ku Lusaka, yosinthira ndege panjira. Atamva mtengo anagwira pakamwa. "Amayi, yadula. Mwana wanga waona yotsikirapo pa intaneti." Ndinangoti, "Achimwene, samalani ndi za pa intanetizo," iwo n'kutuluka. Mawu anga anathera pomwepo, ndipo ndimadziimba mlandu mpaka lero. Ndikanawakhazika pansi, n'kutenga pepala, n'kuwajambulira.

Chimene anagula anali matikiti awiri osiyana: imodzi yofika pa bwalo lina lalikulu la panjira, ina ya kampani ina yochokera pamenepo kudza ku Lusaka, pakati pake maola awiri okha. Ndege yoyamba inanyamuka mochedwa ndi maola atatu. Mayi uja potsika anapeza inzake itapita. Kampani yoyamba inati, ife takufikitsani pamene munalipira. Yachiwiri inati, inu simunabwere, ndinu no-show, tikiti yanu yatha ntchito. Onse awiri amanena zoona. Ikanakhala tikiti imodzi, kampani ikanamuika pa ndege yotsatira popanda kulipira, n'kumupatsa pogona, chikwama chake n'kumutsata chokha.

Kuno ku Lusaka mlongo wake mutu unaima. Wina pa maliro anamupatsa nambala ya munthu wa pa Facebook amene ankati amapeza matikiti a changu pa mtengo wabwino. Anatumiza ndalama pa foni, ndalama zimene abale anasonkha kuti zithandize pa maliro. Posakhalitsa kunabwera pepala looneka bwino, dzina la mayi uja lili pomwepo, chizindikiro cha kampani chili pamwamba, zilembo zisanu ndi chimodzi za bukingi zili pakona. Mayi uja anaima nalo pa kauntala ali kulira. Wantchito anayang'ana pa kompyuta n'kumuuza kuti mpando unasungitsidwadi m'dzina lake, koma palibe amene analipira, ndipo wafafanizidwa kale.

Anandiimbira usiku womwewo. Mpando umene ndinapeza unali wa mkuja. Kumudzi anadikira tsiku limodzi, koma anthu anali atachuluka, chakudya chikutha, akuluakulu n'kugamula kuti maliro aikidwe. Mayi uja atatera ku Lusaka anathamangira ku Intercity, n'kukwera basi ya kum'mawa, kuwoloka Luangwa dzuwa lili pamutu, n'kufika kwawo anthu akusesa. Mayi ake sanawaone nkhope. Ndipo tsoka silinathere pamenepo. Tikiti yachiwiri ija inali yopita ndi kubwerera, ndipo ukaphonya gawo limodzi osauza kampani, magawo onse otsala amafafanizika okha. Pobwerera anagulanso ina.

Lamulo la no-show limeneli limapweteka anthu ambiri kuposa mvula. Wina ndege yake ya ku Lilongwe ikachedwa amapsa mtima, n'kukwera basi kudzera pa Mwami ndi Mchinji osauza aliyense, kenako tsiku lobwerera amapeza dzina lake palibe. Ngati mwaganiza zokwera basi, kwerani, maliro sadikira. Koma musanachoke, uzani kampani ilembe kuti gawo lopita mwalisiya chifukwa cha kulephereka kwa ndege yawo, ndipo gawo lobwerera lisakhudzidwe. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Za chipukuta misozi ndimamva zambiri zosokonekera, poti aliyense ali ndi msuweni amene "anapatsidwa mayuro". Lamulo la ku Ulaya la 2004, limene amalitchula kuti EU261, limagwira ntchito pa ndege iliyonse yonyamuka m'dziko la European Union, kaya kampaniyo ndi ya kuti. UK ili ndi lamulo lake lofanana nalo. Pa ulendo woposa makilomita 3,500, munthu akafika mochedwa ndi maola anayi kapena kuposa, ndalama zake ndi mayuro 600, kapena mapaundi 520 kwa wonyamukira ku UK, pokhapokha ngati chochedwetsacho chinali chosapeweka monga nyengo yoipa. Ngati tikiti ndi imodzi, kuchedwako amawerengera pamene ulendo wathera, kuno ku Lusaka, ngakhale ndegeyo munasinthira ku Africa kapena ku Middle East. Namwino uja akanakhala ndi tikiti imodzi, akanatha kupempha ndalama zimenezi. Koma wonyamukira ku Lusaka pa ndege ya kampani yosakhala ya ku Ulaya, lamulo limeneli silimukhudza, choncho musawononge mawu pa kauntala kutchula mayuro. Chimene chimathandiza pa maulendo ambiri a pakati pa mayiko ndi pangano la ku Montreal la 1999. Ilo silipereka ndalama chifukwa chongochedwa. Limabwezera zimene mwawonongadi ndipo mungathe kuzionetsa, n'chifukwa chake ndimalimbikira za malisiti.

Ndipo musazengereze. Chikwama chikapanda kutuluka pa lamba, musapite kunyumba n'kumati ndidzabwera Lolemba. Lembetsani lipoti lotchedwa PIR musanatuluke pa bwalo, mutenge nambala yake. Chikafika chong'ambika muli ndi masiku 7 okha oti mudandaule molemba. Chikafika mochedwa, masiku 21 kuchokera tsiku limene mwachilandira. Mlandu wa kukhoti umafa pakatha zaka ziwiri. Anthu amabwera kwa ine patatha miyezi itatu, maliro atatha, misozi itauma, n'kumati tsopano tithandizeni. Nthawi imeneyo ndilibenso pogwira. Kampani ikakhala chete mutailembera, pitani ndi makalata anu ku Competition and Consumer Protection Commission kapena ku Zambia Civil Aviation Authority.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri masiku ano ndi anthu odyera pa tsoka la anzawo. Ku Intercity timawadziwa akaponya, anzathu a ku Malawi amati madobadoba. A pa ndege savala zong'ambika. Amavala jekete, amalankhula mofatsa, ena simuwaona n'komwe, ali pa WhatsApp. Mukangolemba dandaulo pa tsamba la kampani pa Facebook kapena pa X, pakapita mphindi zochepa wina amakuyankhani ndi chizindikiro cha kampaniyo, kupepesa mwaulemu, n'kukupemphani nambala ya foni. Kenako amati kuti ndalama zanu zibwezedwe mutumize kaye kangachepe, kapena mutchule manambala a khadi lanu la kubanki ndi aja abwera pa foni. Palibe kampani ya ndege imene imafuna ndalama kuti ikubwezereni ndalama. Palibe imene imalandira malipiro pa nambala ya foni ya munthu. Wantchito weniweni sakutengerani pambali kuti mukambirane kuseri kwa chipilala. Ndipo pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu amene sali kuseri kwa kauntala, ngakhale atakuuzani kuti amadziwana ndi abwana.

Tikiti yeniyeni ili ndi nambala ya manambala 13. Atatu oyambirira ndi a kampani: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways, 176 ndi Emirates. Zilembo zisanu ndi chimodzi zija zimangosonyeza kuti mpando wasungitsidwa, ndipo aliyense wodziwa njira angathe kuzitulutsa osalipira kanthu. Mukalandira pepala, lowani pa tsamba la kampani yeniyeniyo, lembani zilembozo ndi dzina la bambo anu monga lilili pa pasipoti, muone ngati nambala ya tikiti ikuoneka. Ngati palibe, mulibe tikiti. Onetsetsaninso kuti foni ndi imelo zimene zalembedwa mu bukingi ndi za woyendayo, chifukwa uthenga wa kusintha kwa ndege umapita kumeneko. Ndaonapo anthu akufika pa bwalo ndi zikwama, uthenga wolepheretsa ulendo uli mu foni ya mphwawo kuyambira dzana.

Bambo a ku Katete aja anabweranso patapita mwezi, pepala lija lili m'foni. Tinaliyang'ana limodzi. Pamalo pa nambala ya tikiti panalibe kanthu, mpata woyera basi. Anakanena ku polisi, koma nambala imene anatumizako ndalama inali itazimitsidwa kale. Anandifunsa kuti, "Amayi, ndikanaona pati?" Ndinawalozera ndi chala pa mpata uja, iwo anakhala chete nthawi yaitali.