Mpanda wokongola sindiwo chisamaliro cha agogo

Ambiri mu Lilongwe muno timaganiza kuti nyumba yosamalira okalamba ikakhala ku Area 10 kapena Area 43, yamatailosi ndi mpanda wautali, ndiye kuti agogo akasamalidwa bwino. Ayi ndithu, penti sasambitsa munthu.

Pitani mosawadziwitsa, makamaka m'mamawa. Fungo la mkodzo likakulandirani pakhomo, dziwani kuti zofunda sizisinthidwa msanga. Yang'anani zikhadabo za okalambawo. Funsani kuti odwala chigonere amawatembenuza kangati, chifukwa zimafunika maola 2 aliwonse, apo ayi amatuluka zilonda m'chiuno ndi m'zidendene zovuta kupola. Zimenezi ine zimandiwawa mtima.

Namwino wawo analembetsa ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council of Malawi? Nanga agogo akadwala pakati pa usiku, galimoto yothamangira nawo ku Kamuzu Central ilipo?