Momwe Schnittke anadzutsira concerto grosso mu 1977

Concerto grosso ndi mtundu wa nyimbo umene unatchuka ku Italy kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Oimba awiri kapena atatu amatsogolera, gulu lalikulu la zoimbira za nsambo n'kumavomera. Nyimbo 12 zotere za Arcangelo Corelli zinasindikizidwa mu 1714, mwiniwake atamwalira kale, ndipo Handel analemba zake 12 ku London mu 1739. Kenako mtunduwu unazilala kwa zaka zambiri.

Mmodzi mwa anthu amene anaudzutsa ndi Alfred Schnittke, wobadwira ku Engels m'dziko la Soviet Union mu 1934. Akuluakulu a bungwe la opeka nyimbo, limene mkulu wake anali Tikhon Khrennikov, sankamuonera kukondwa. Symphony yake yoyamba, nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zoimbira, inachita kukaimbidwira ku Gorky mu 1974, osati ku Moscow. Kuti pakhomo pasagonedwe ndi njala, ankapeka nyimbo za m'mafilimu, ndipo mafilimuwo anaposa 60.

Anthu ena akanaibisa ntchito yaganyu imeneyi, koma iye ayi. Woimba vayolini Gidon Kremer atamupempha nyimbo yoti aimbe ndi woimba vayolini mnzake Tatiana Grindenko, Schnittke anatola zidutswa za nyimbo za m'mafilimu zija n'kuzilowetsa m'chikombole cha Corelli. Concerto Grosso yoyambayi ili ndi zigawo 6, ndipo inaimbidwa koyamba ku Leningrad mu March 1977, Eri Klas akutsogolera gulu.

Imayamba ndi piyano imene alowetsa makobidi pakati pa nsambo zake, moti kulira kwake kumakhala kogonthera, kosalongosoka. Chigawo chachiwiri chimayamba mwaulemu, mungaganize kuti ndi nyimbo ya Vivaldi, wopeka nyimbo wakale wa ku Italy, koma posakhalitsa mavayolini amayamba kupondana mpaka kusokonekera kotheratu. M'chigawo chachisanu harpsichord, choimbira cha m'nyumba za mafumu, imangotulukira ndi tango, nyimbo yovinira ya ku Argentina. Pamenepa mpomwe ena amati uku n'kungosakaniza zotolatola. Ine sindikuvomereza: tangoyo imafika womvera atatopa ndi phokoso, ndiye imakoma mochititsa manyazi, ndipo Schnittke anachita dala.

Chaka chomwecho cha 1977, Arvo Pärt, wopeka nyimbo wa ku Estonia, anapekera Kremer ndi Grindenko nyimbo ina ya mavayolini awiri, Tabula Rasa, ndipo poiimba koyamba ku Tallinn, amene anakhala pa piyano anali Schnittke yemweyo. Asanamwalire ku Hamburg mu 1998, Schnittke anali atalemba ma concerto grosso 6.