Kodi mtengo wa dizilo ndi wokhawo umene wakweza ndalama zoyendetsera galimoto?

Mwini galimoto akaona kuti ndalama zogulira mafuta zachuluka, kawirikawiri amaloza chala mtengo wa pa pampu. Ndalamazo komabe zimachokera ku zinthu zitatu zochulukitsidwa pamodzi: makilomita amene galimoto yayenda, malita amene imamwa pa mtunda umenewo, ndi mtengo wa lita imodzi. Ntchito ya ife owerengetsa ndalama ndiyo kupeza gawo la chilichonse mwa zitatuzi.

Mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta m'Malawi la MERA linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Tiyerekeze kuti galimoto ina inkayenda makilomita 2,000 pa mwezi ndipo inkamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Awa ndi malita 200, omwe pa mtengo wakale ndi K384,000. Mwezi wotsatira yayenda makilomita 2,200 ndipo ikumwa malita 11 pa makilomita 100 alionse, kotero kuti malita 242 pa mtengo watsopano afika K661,628. Ndalama zakwera ndi K277,628.

Pofuna kuona gwero lake, timasintha chinthu chimodzi n'kusiya zinazo monga zinalili. Mtengo wokha ukuwonjezera K162,800, mtunda wokha K38,400, ndipo kamwedwe ka mafuta nako K38,400. Tikaphatikiza tikupeza K239,600, ndiye kuti K38,028 yatsala yopanda mwini. Chotsalachi si cholakwika cha masamu ayi. Chimabwera chifukwa malita owonjezera aja anagulidwa pa mtengo wokwera kale, komanso makilomita owonjezera aja anayendedwa galimoto ikumwa kwambiri kale. Ena amangochiponyera ku mtengo, koma ine ndimaona kuti n'chilungamo kusintha zinthu zitatuzi motsatizana m'njira zonse 6 zotheka, kenako n'kutenga chapakatikati, kuti dalaivala asasenzetsedwe mlandu wa kugwa kwa kwacha, ndiponso kugwa kwa kwacha kusabise injini yodwala.

Pa galimoto imodzi pensulo ndi pepala n'zokwanira, koma kampani ya magalimoto 40 yofuna kuunika miyezi 12 ili ndi mawerengero otere mazanamazana. Apa m'pamene pamathandiza njira yotchedwa array programming, imene kompyuta imauzidwa kugwira tebulo lathunthu la manambala ngati chinthu chimodzi m'malo mowatola imodziimodzi. Njirayi inatchuka ndi chinenero cha kompyuta cha APL chimene anayambitsa Kenneth Iverson, yemwe anachifotokoza m'buku lake la 1962 akugwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM, ndipo lero ambiri amaigwiritsa ntchito kudzera mu NumPy, chida chowerengera cha chinenero cha Python, kapena m'chinenero cha R. Timakonza tebulo la makilomita, mzere uliwonse ukuimira galimoto ndipo danga lililonse likuimira mwezi, n'kukonzanso lina lofanana nalo la kamwedwe ka mafuta. Mitengo ndi mndandanda umodzi wa miyezi 12, umene NumPy imaufalitsa yokha pa magalimoto onse. Kuchulukitsa zitatuzi kumalembedwa pa mzere umodzi, ndipo chifukwa malangizowo ndi aafupi chotere, munthu amatha kuwawerenga n'kuona ngati walakwitsa.

Chovuta chenicheni chili m'manambala amene timalowetsamo. Kamwedwe ka mafuta kamayezeka bwino pokhapokha ngati thanki yadzazidwa mpaka pakamwa ulendo uliwonse, ndipo makilomita alembedwa pa lisiti nthawi yomweyo. M'nyengo ya kusowa kwa mafuta, pamene dalaivala wagona pa mzere n'kupatsidwa malita ochepa, kapena wagula a m'zigubu kwa mavenda, mtengo wa MERA sugwiranso ntchito, choncho galimoto iliyonse imafunika mtengo wakewake wochokera pa zimene zinalipidwadi.

Tebulo likasonyeza kuti galimoto imodzi yokha ikumwa kwambiri pamene zinzake zoyenda msewu womwewo sizinasinthe, makaniko ayambe wapima mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya ndi mabuleki amene mwina akugwira, asanayambe kukayikira dalaivala.