Dazi likayamba, musayambire kufamase, yambirani kwa dokotala

Ndimagwira ntchito kufamase, ndipo pafupifupi sabata iliyonse pamabwera bambo wina atavala chipewa, kuyang'ana uku ndi uku kaye, kenako motsitsa mawu, "achimwene, mankhwala a dazi aja muli nawo?" Ndikafunsa kapepala ka dokotala nkhope imagwa, ena mpaka kukwiya kuti bwanji ndikuwavuta pa nkhani ya tsitsi chabe. Ndiye lero ndifotokoze bwinobwino, chifukwa nkhaniyi imawawa anthu kuposa mmene amaonetsera.

Dazi lakumtunduli limabwera chonchi: thupi limasandutsa testosterone, homoni yachimuna, kukhala homoni ina yotchedwa DHT, ndipo kwa amene anatengera kwa makolo, DHT imafinya mizu ya tsitsi pang'onopang'ono, tsitsi nkumatuluka lopyapyala, lalifupi, mpaka muzuwo kusiyiratu. Kwa abambo limayambira m'mbali mwa chipumi ndi paliwombo, kwa amayi limangopepuka pakati pa mutu. Muzu ukafa wafa basi. Mankhwala amapulumutsa womwe ukadali moyo, nchifukwa chake kudikira zaka zisanu uli ndi manyazi ndi kumene kumawonongetsa.

Mankhwala odalirika alipo awiri. Minoxidil wopaka, wa 2% kapena 5%, m'mayiko ambiri mumagula popanda kapepala. Poyamba anali mapiritsi a BP, madokotala nkuona kuti odwala akumera tsitsi, ndipo ku America wopakayu anavomerezedwa mu 1988. Winayo ndi piritsi la finasteride wa 1 mg, amene ambiri amamudziwa kuti Propecia, anavomerezedwa mu 1997, ndipo ameneyu ndi amene amafuna kapepala ka dokotala chifukwa amalowa m'magazi nkutsitsa DHT m'thupi monse, osati pamutu pokha.

Kapepalako si kongokuvutitsani ayi. Choyamba, sikuti tsitsi lililonse likamathothoka ndi dazi. Pena ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi, pena chithokomiro, pena chipere, pena mayi wangobereka kumene, pena kumangitsa tsitsi mokoka kwambiri, palinso lija lothothoka mozungulira ngati ndalama lomwe ndi matenda ena. Zonsezi finasteride sathandiza, mungamwe chaka chonse ndalama nkumapita vuto lenileni likukula. Dokotala amayang'ana mutu, amafunsa za kumtundu, nthawi zina amayeza magazi, ndipo dokotala wamba amatha kulemba, simufunika katswiri wa khungu pokhapokha ngati zikukayikitsa, monga pamutu pali zilonda, kuyabwa kapena zipsera.

Chachiwiri ndi chomwe abambo amaopa kufunsa. Inde, mwa anthu 100 alionse omwa finasteride pafupifupi awiri amaona chilakolako chatsika kapena mphamvu kuchipinda zachepa, ambiri zimabwerera akasiya koma alipo ena amene amadandaula kuti zinapitirira, ndipo ine sindibisa zimenezi kwa munthu. Palinso nkhani ya maganizo, ena amayamba kukhumudwa kwambiri, moti ku UK mu 2024 boma linalamula kuti m'paketi muzikhala kakhadi kochenjeza. Ngati munadwalapo matenda a nkhawa kapena munaganizapo zodzipha, nenani musanayambe, chonde, musabise pofuna kuti akulembereni msanga. Komanso finasteride amatsitsa zotsatira za PSA, kuyeza magazi koona za prostate (kachiwalo ka abambo kali pansi pa chikhodzodzo), pafupifupi ndi theka, ndiye amene akukuyezani akapanda kudziwa kuti mukumwa akhoza kunena kuti zili bwino pomwe sizili bwino.

Amayi oyembekezera kapena amene angatenge mimba asamwe finasteride, olo kugwira piritsi losweka, chifukwa limatha kusokoneza ziwalo za mwana wamwamuna m'mimba. Apa ndi pomwe ndimadandaula ndi aja amadula piritsi la 5 mg, lomwe ndi la prostate, mu zidutswa zinayi kuti asunge ndalama. Madokotala ena amalola, koma ufa wake usamangotayika patebulo m'nyumba muli mayi woyembekezera. Amayi a dazi nthawi zambiri amayamba ndi minoxidil, ena dokotala amawonjezera mapiritsi otchedwa spironolactone.

Mukapeza kapepala, funsani wa kufamase ngati ali ndi finasteride wopanda dzina lotchuka, mankhwala ake ndi omwewo koma mtengo wotsika kwambiri. Funsaninso dokotala kuti alembe za miyezi ingapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera: amagula paketi imodzi, mwezi watha palibe chasintha, basi asiya. Zotsatira zimayamba kuoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6, ndipo chaka chathunthu ndi chomwe chimakuuzani zoona. Minoxidil masabata oyamba amatha kuthothola tsitsi kwambiri, anthu nkuchita mantha, koma ndi lakale likupereka malo kwa latsopano. Ndipo mukasiya, zomwe munapulumutsa zimapita mkati mwa chaka. Ndiye musanayambe werengerani thumba lanu moona mtima, izi si za mwezi umodzi. Jambulani mutu wanu tsiku loyamba, galasi limanama chifukwa mumadziona tsiku lililonse.

Za pa intaneti, zilipo zabwino, komwe dokotala weniweni amawerenga mayankho anu, mankhwala nkuchokera kufamase yolembetsedwa. Koma malo amene akukugulitsani finasteride osakufunsani funso ngakhale limodzi, kapena munthu wa pa Facebook wotumiza mapiritsi m'kapulasitiki kopanda dzina la kampani, nambala ya batch ndi deti lothera mphamvu, thawani. Simudziwa chomwe mukumeza. Chimodzimodzi minoxidil wakumwa amene watchuka masiku ano, madokotala amalemba ndithu pamlingo wochepa, koma paja ndi mankhwala a BP, amatha kutupitsa miyendo ndi kuthamangitsa mtima, ndiye wofuna ameneyu ayezedwe kaye. Palinso piritsi lina, dutasteride, yemwe ndi wamphamvu kuposa finasteride, ku South Korea ndi Japan ndi wovomerezeka pa dazi, kwina dokotala amalemba mwa nzeru zake.

Kanthu kena kakang'ono koma kofunika, ngati muli ndi mphaka m'nyumba sambani m'manja mukapaka minoxidil ndipo asamagone pa pilo wanu, kadontho kochepa kamatha kumupha. Ndipo mukapita kukapereka magazi, auzeni kuti mukumwa finasteride.