FPS, Hz ndi V-Sync: Zoyenera Kutchera Pa Magemu a Mpikisano

Musanakhudze chilichonse mu gemu, tsegulani Advanced display settings mu Windows, muone ngati monita yanu ikuyendadi pa liwiro lomwe munaigulira. Nthawi zambiri monita ya 144 Hz imangosiyidwa pa 60 Hz mwini wake osadziwa. Ngati 144 sikuoneka pamndandanda, kayikirani chingwe, yesani cha DisplayPort.

Hz ndi nambala ya maulendo omwe monita imasintha chithunzi pa sekondi imodzi, pomwe FPS ndi zithunzi zomwe GPU (chipangizo chopanga zithunzi mu kompyuta) ikupanga pa sekondi yomweyo. Pa 60 Hz chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16.7, pa 144 Hz ndi 6.9, pa 240 Hz ndi 4.2. N'chifukwa chake kuchoka pa 60 kupita pa 144 kumamveka m'dzanja pompopompo, koma kuchoka pa 144 kufika pa 240 phindu lake silikwana mamilisekondi atatu.

Nambala ziwirizi zikasemphana, chithunzi chimang'ambika: mukamatembenuka, mzati umaoneka wodulidwa pakati, kumtunda kwina, kumunsi kwina. V-Sync imathetsa zimenezi pouza GPU kuti idikire monita. Kudikirako ndiye vuto lake. Zithunzi zimaima pamzere, mwadina mausi koma mfuti ikuwomba mochedwa. Pa mpikisano, musagwiritse ntchito V-Sync payokha.

Njira zabwino zilipo ziwiri. Ngati kompyuta yanu ikupanga FPS yoposa Hz ya monita kawiri kapena katatu, monga zimathekera mu Valorant pa makina amphamvu, zimitsani sync yamtundu uliwonse. Kung'ambika kulipobe koma sikuoneka kwenikweni, ndipo chithunzi chomwe chikufika m'maso mwanu n'chatsopano kwambiri.

Kwa ambiri ine ndimalimbikitsa yachiwiriyi: G-Sync ya Nvidia kapena FreeSync ya AMD, pomwe monita ndi imene imatsatira GPU. Ngati GPU yanu ndi ya Nvidia, yatsani G-Sync ndi V-Sync mu Nvidia Control Panel, V-Sync ya mu gemu muizimitse, kenako ikani malire a FPS otsika ndi zitatu pa Hz ya monita: 141 pa 144 Hz, 237 pa 240 Hz. Malirewa musawanyozere. FPS ikangogunda denga la monita, G-Sync imaleka kugwira ntchito, V-Sync n'kutenga malo, kuchedwa kuja n'kubwerera. Malire oikidwa m'kati mwa gemu, monga fps_max mu Counter-Strike 2, kawirikawiri sachedwetsa ngati mmene amachedwetsera a pulogalamu yakunja yoikira malire a FPS monga RTSS. Gemu ikakhala ndi Nvidia Reflex, njira ya Nvidia yochepetsera kuchedwa, iyatseni. Ikayenda pamodzi ndi G-Sync ndi V-Sync imadziikira yokha malire, pafupifupi 138 pa 144 Hz.

Chomwe ambiri amaphonya ndi katundu amene asenzetsa GPU. Ikamagwira ntchito pa 99 peresenti, CPU (purosesa yaikulu ya kompyuta) imapitiriza kuitumizira zithunzi zomwe sinakonzeke kuzilandira, mzere n'kutalika. FPS imaoneka yokongola pakona ya skirini koma dzanja likumva kulemera. Tsitsani mithunzi ndi anti-aliasing (yosalalitsa m'mphepete mwa zinthu pa chithunzi), kapena tsitsani malire a FPS, mpaka GPU izisewera cha m'ma 90 peresenti. Poyesa, musayang'ane khoma muli phee. Pitani pomwe utsi ndi mabomba zachuluka, muone pomwe FPS ikugwera, malire muwaike pafupi ndi pamenepo. Frame generation nayo izimitseni: imachulukitsa zithunzi, koma zoonjezerazo sizimva mausi yanu, ndipo imaonjezera kuchedwa.